Diresi la kwa Felismina

Kalatayo inafika Lolemba masana, italembedwa pa pepala long'amba m'buku la ku ofesi ya mgodi. Fainesi anakaiwerengera kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanikira zovala, kuti amayi ake asaione.

"Wokondedwa Fainesi, achemwali anga a Mailesi avomera kuti akuone. Akuti ubwere Lamulungu, osati likubwerali koma linalo, tikaweruka kutchalitchi. Usaope. Pakamwa pawo m'powawa koma mtima ndi wabwino. Ndine wako, Lawson."

Anaibwereza katatu. Chibwenzi chawo chinali chitatha miyezi khumi, ndipo miyezi yonseyo a Mailesi sankafuna kumva ngakhale dzina lake. Lawson anali kalaliki ku ofesi ya mgodi wa malasha ku Wanki, mnyamata wa ku Ntcheu, ndipo kuno kutali ndi kwawo analibe mayi, analibe malume. Mlongo wake wamkuluyo, mkazi wa kapitawo wa ku komboni ya Namba Tu, ndiye anali zonse. Mawu a mayiyo anali atamufika kale Fainesi kudzera mwa anthu: "Mtsikana wobadwira m'komboni? Amenewo chomwe amadziwa ndi dansi basi."

Chimwemwe chinathera pomwe anatsekula bokosi lake la zovala.

Munali madiresi atatu, onse a m'sitolo, ochokera ku Bulawayo. Fainesi anali wathupi, wamapewa otambasuka, chifuwa ndi chiuno zodzaza bwino ngati akazi a kwawo kwa amayi ake ku Dowa. Koma amene ankasoka madiresi ku Bulawayoko ayenera kuti mkazi wa ku Dowa sanamuonepo. Lobiriwira linkamuluma m'khwapa mpaka kusiya mizere. La nayiloni linkamatirira kumsana likangomva thukuta, ndipo mwezi wa Okutobala ku Wanki thukuta limayamba munthu asanadzuke. Diresi lachitatu ndi lija linaphulika msoko pa dansi ya Khirisimasi mu holo, komboni yawo yonse ya Lwendulu ikuona, tsiku lomwe mnyamata wina wosamudziwa anavula jekete n'kumufunditsa osanena kanthu. Mnyamatayo anali Lawson. Nkhaniyo inali yokoma kuikumbukira, koma osati kukaibwereza pamaso pa a Mailesi.

* * *

M'mawa mwake anapita kusitolo ndi Edna, mnzake wa khomo loyandikana nalo. Kuseri kwa katani anayesa madiresi asanu. Lolowa m'mapewa linkakana m'chiuno, lolowa m'chiuno linkangolendewera ngati thumba la ufa lothera.

"Bweza mimba," anatero Edna akulimbana ndi zipi.

"Ndabweza kale. Ukufuna ndiibwezere kuti?"

Atatuluka chimanjamanja, anaima pamthunzi wa khonde. Edna anapukuta nkhope ndi duku, nayang'ana uku ndi uku.

"Alipo munthu mmodzi amene angakuthandize. Felismina, wa ku Tete uja, wa mzere wakumapeto. Amuna ake anamwalira chaka chatha n'kumusiyira makina. Akuti ngakhale madona a ku Baobab, kokhala azungu kuja, amamutumizira nsalu mwakabisira."

"Nanga bwanji osanena tisanavutike chonchi?"

"Sisi, ine sindifuna kuti mawa uziti Edna ndi wamiseche."

"Nena."

"Njinga ya a Lawson. Loweruka lililonse masana imakhala itatsamira pampanda wa Felismina. Ndaiona ndi maso angawa kanayi."

Fainesi anaseka, koma kusekako kunatuluka kouma. "Njinga zakuda m'Wanki muno zilipo zingati?"

"Zilipo zambiri. Koma yokhala ndi kansalu kamadontho pachishalo, kamene unasoka iwe wemwe mokhotakhota muja, ilipo imodzi."

Fainesi anabwerera m'sitolo, nadulitsa nsalu ya popelini yabuluu, yamaluwa ang'onoang'ono oyera. Tsopano kwa Felismina kunali zinthu ziwiri zoti akaone, ndipo diresi linali lachiwiri.

* * *

"Odi!"

"Lowani, mana," anayankha mawu ofatsa. Umu ndi mmene a kwawo kwa Felismina amaitanira mkazi mnzawo.

Fainesi ankayembekeza kupeza mayi wamasiye wotopa, wa nsalu yakuda. Amene anadzuka pamakina anali mkazi wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali, wochepa thupi, wakhosi lalitali, tindolo tagolide tikunyezimira m'makutu. Anavala diresi lomanga ndi lamba wamkulu, chiuno chake chochepa moti manja awiri a mwamuna akanakumana pochigwira. Fainesi anaganiza za manja a Lawson.

M'nyumbamo munkanunkhira simbi yamakala ndi nsalu yatsopano. Pamsomali kuseri kwa chitseko panali shati yoyera, yositidwa bwino, yokhala ndi kadontho ka inki pathumba. Kadonthoko Fainesi ankakadziwa. Anakaikapo chala kangapo pocheza.

Felismina anatambasula popelini ija pawindo. "Mwasankha bwino. Mtundu uwu amaukonda."

"Ndani?"

"Anthu," anatero Felismina, nafulumira kutenga tepi. "Mukufuna losokedwa bwanji?"

"Ngati lanulo."

Felismina anamuyang'ana kuchokera kumapewa mpaka kumapazi, mosathamanga. "Kwezani manja. Pumani. Ayi, pumani zenizeni, musabweze mimba. Tepi siseka munthu." Anayeza chifuwa, mapewa, mkono, n'kumalemba pachikuto cha buku lakale. "Langali silingakukhaleni."

Makutu a Fainesi anatentha. "Chifukwa ndine wonenepa?"

"Chifukwa inu si ine. Ine ndimamanga lamba kuti anthu aziyesa ndili ndi chiuno. Inu chiuno muli nacho, mukufuna kuchifinya chifukwa chiyani? Ndisiyireni. Khosi ndilitsitsa pang'ono kutsogolo, manja afike pachigongono otakasuka, m'khwapa ndiikemo kansalu kuti muzikweza mkono momasuka. Msoko wa m'chiuno ndiukweza, siketi ndiidula zidutswa zisanu ndi chimodzi izigwa yokha."

Mumtima Fainesi anati: akufuna andisokere thumba, ndikafike kwa a Mailesi ngati mayi wa ana asanu.

"Ine ndanena. Ngati lanulo, ndi lamba yemwe."

"Mukupita nalo kuti?"

"Ku Namba Tu, kwa a Mailesi. Achemwali ake a bwenzi langa, a Lawson." Ananena mawu aliwonse payekhapayekha, maso ali pankhope ya Felismina.

Nkhopeyo sinasinthe. Koma tepi, imene inali itazungulira chiuno chake, inaima kanthawi osayenda.

"Ku Namba Tu n'kutali," anatero Felismina. "Mudzayenda dzuwa lili pamutu, mudzagwada popereka moni, mudzakhala pamphasa. Ndi lamba ngati wangayu mudzafika mukupuma ngati mbuzi yomangidwa."

"Shati iyo ndi ya ndani?"

"Ya munthu. Kolala inatha, ndaitembenuza. Khosi lawo ndi fifitini ndi hafu, ndiye za m'sitolo zimawathina, zimatha msanga."

Fainesi anatuluka osatsanzika bwino. Njira yonse yobwerera kwawo, fumbi la malasha likumudetsa mapazi, chinthu chimodzi chinkamudya mumtima. Miyezi khumi ya chibwenzi, iye kukula kwa khosi la Lawson sankakudziwa.

* * *

Lachinayi, Lawson ataweruka, anakumana pamlambe wa pafupi ndi njanji monga mwa masiku onse. Iye anafika akuimba belu la njinga, nkhope ili mwee.

"Kalata yanga unailandira?"

"Khosi lanu ndi lalikulu bwanji, a Lawson?"

Lawson anadzigwira pakhosi. "Khosi? Latupa kodi?"

"Fifitini ndi hafu. Ndinakamva kwa Felismina. Zikuoneka kuti kumeneko ndiye kumene amakudziwani bwino."

Kumwetulira kuja kunazima. Lawson anatsamiritsa njinga pamtengo mosamala kwambiri, ngati kuti ntchito imeneyo inali yofunika nzeru.

"Fainesi, ndi achemwali amandituma. Loweruka lililonse amapeza chong'ambika. Lero pilo, mawa buluku la alamu. Sabata yatha anandivula shati ndili chiimire, ati kolala yatha."

"Ndiye mumasiya n'kubwerera?"

"Amati ndizidikira."

"Mpaka liti?"

"Mpaka atamaliza."

"Mukumwa tiyi."

Lawson anayang'ana kunjanji, kumene mabogi a malasha ankadutsa pang'onopang'ono. "Munthu akakupatsa tiyi m'nyumba mwake, kukana ndi mwano."

"Ndi mabanzi?"

"Iwe Fainesi!"

"Ndi wokongola?"

"Sindinamuyang'anitsitse."

"Bodza limenelo. Ine mkazi mnzake ndinamuyang'anitsitsa, ndiye inu?"

Lawson anaphulika kuseka, ndipo kusekako kunamupweteka Fainesi kuposa bodza lija. Misozi inalengeza. Ataona choncho, Lawson anasiya kuseka, namugwira nsonga ya chala, poti anthu ankadutsa.

"Tamvera. Ine ndinavula jekete langa kamodzi kokha m'moyo mwanga, ndipo ukudziwa amene ndinamufunditsa. Felismina ndi telala. Ukufuna ndilumbire?"

"Sindikufuna kulumbira. Loweruka lino musapiteko."

"Sindipita. Ndiwauza achemwali kuti tayala laphulika."

Fainesi anavomera ndi mutu. Koma pobwerera kunyumba anazindikira kuti sanakhutire. Bwanji tayala? Bwanji osangowauza a Mailesi kuti Fainesi wakana?

* * *

Lachisanu la sabata yotsatirayo anapita kukayesa. Diresi linali pa hang'ala, lositidwa, ndipo Fainesi atangoliona magazi anathamangira kumutu. Lamba panalibe.

"Si zimene ndinanena."

"Si zimene munanena," anavomera Felismina. "Valani kaye. Mukalikana ndiliphwasula inu mukuona, ndikusokereni lomwe mukufunalo. Masiku awiri andikwana."

Fainesi analivala mwaukali, akuyembekeza kuti penapake limuluma kuti apeze chonena. Linatsika m'thupi ngati madzi. Anadikira kuti m'khwapa mumve kanthu, osamva. Zipi inakwera yokha popanda womuuza kuti abweze mimba.

"Kwezani manja. Gwadani. Khalani pansi mutambasule miyendo. Dzukani."

Anachita zonsezo, palibe msoko unalira. Mphepo yotentha inalowa pawindo n'kudutsa pakati pa nsalu ndi khungu. M'mbali, mobisika m'makwinya a siketi, munali matumba awiri.

"A mpango wa m'manja," anatero Felismina. "Ndi manja omwe, akamanjenjemera."

Kenako anamutembenuzira kukalilole wamtali amene anatsamira kukhoma.

Fainesi anangoti kukamwa yasa. M'kalilolemo munaima mkazi amene sanamuonepo, koma anali iye yemwe, osachotsedwa kanthu, osabisidwa kanthu. Mapewa amene ankadana nawo aja anakhala ngati a mfumukazi. Khosi linatalika. Chiuno chinaoneka pamalo pake popanda kuchifinya, ndipo atasuntha phazi siketi inamutsata ikuvina. Kuyambira pomwe anakula, aka kanali koyamba kuvala diresi osalakalaka nthawi yolivula.

Mtima wake unasokonezeka. Anabwera atakonzeka kudana ndi munthu, ndipo munthuyo anali atagwada kumapazi kwake, mapini kukamwa, akuwongola mpendero.

"Mwandisokera bwino chonchi chifukwa chiyani?"

Felismina anachotsa mapini kukamwa. "Pakhomo pano sipatuluka chinthu choipa. Anthu akafunsa kuti anasoka ndani, dzina lotchulidwa ndi langa." Anaimirira kumbuyo kwa Fainesi, nakonza phewa limodzi. "Njinga sinabwere Loweruka."

"Inaphulika tayala."

"Ndinamva choncho."

Maso awo anakumana m'kalilole, ndipo palibe anafuna kuyamba kuphethira.

* * *

Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, amayi achigwirizano anamuzungulira Fainesi, uyu kugwira nsalu, uyu kumutembenuza. Edna anamutsina pamkono. Lawson, amene ankamudikira pachipata, anaiwala kupereka moni. Anangoima chipewa chili m'manja, maso ali tong'o.

"Mukuyang'ana chiyani?" anafunsa Fainesi, akudziwa.

"Ndikuopa kuyenda nawe. Anthu aziti kalaliki uyu waba kuti mwana wa bwana."

Ulendo wa ku Namba Tu anayenda pansi, Lawson akukankha njinga. Dzuwa linkaswa mutu, koma Fainesi anafika ali wouma kumsana, akupuma bwino. Nsanje yonse ya masabata awiri inaoneka ngati yachibwana. Anaganiza zoti mawa akamupepese Felismina.

A Mailesi anawalandira pakhonde, mayi wamfupi, wamaso akuthwa, duku lomangidwa molimba. Fainesi anagwada bwinobwino, napereka moni ndi manja awiri, nakhala pamphasa miyendo atapinda kumbali. Anayankha za makolo ake, za mudzi wa amayi ake ku Dowa, za mfumu ya kumeneko, osaphonya. Lawson, ali pampando, anamuponyera diso lachimwemwe.

"Taimirira, mwana iwe," anatero a Mailesi.

Fainesi anaimirira. Mayiyo anamuzungulira kamodzi, kenako anawerama, nagwira mpendero wa siketi n'kuutembenuza. Anayendetsa chikhadabo pamsoko, mwakachetechete, mpaka kumapeto.

"Wasoka wekha?"

Bodza linafika pamlomo. Fainesi analimeza. "Ayi, amayi."

"Ndikudziwa. Msoko uwu m'Wanki muno uli ndi mwini wake mmodzi." Anaweramuka, natembenukira kukhomo. "Felismina! Bweretsani tiyi, alendo afika."

Katani ya pakhomo inasuntha. Felismina anatuluka atanyamula thireyi, atamanga chitenje cha a Mailesi pamwamba pa diresi lake. Sanafunse poika thireyi. Sanafunse kuti kapu ya Lawson ndi iti, kapena kuti amathira shuga wochuluka bwanji. Anagwada, namupatsa, maso ali pansi.

Lawson analandira kapuyo ngati yamoto. "Achemwali, izi ndi ziti?"

"Khala chete, ndikulankhula ndi mlendo." A Mailesi anabwerera pampando wawo. "Mwana iwe, ndinati ndikuone, ndakuona. Ulemu uli nawo, sindikana. Kukongola wakongola, msewu wonse wakuyang'ana. Koma wakongola ndi manja a munthu wina. Ine mchimwene wangayu ndinamulera ndekha amayi atamwalira, ndipo ndikufuna akhale ndi mwini manjawo. Malume athu anyamuka kale kumudzi, afika pa sitima ya Lachisanu. Ndawaitana kuti adzaone Felismina."

Lawson anadzuka, tiyi n'kutayikira pabuluku. "Ine sindinavomere zimenezo!"

"Unakana liti? Miyezi itatu wakhala ukupita wekha, palibe anakumanga chingwe."

"Munkandituma!"

"Usandikwezere mawu pamaso pa anthu. Bwera kuno." Anamugwira pamkono ngati kamwana n'kumukokera kuseri kwa nyumba. Mawu awo ankamveka, a mayiyo pamwamba, a Lawson pansi.

Pakhonde panatsala akazi awiri ndi makapu anayi.

Fainesi anafuna kuvula diresilo pomwepo, kuling'amba, kuliponya pamapazi a mwini wake. Koma akanapita kwawo atavala chiyani? Anapisa manja m'matumba aja.

"Munkadziwa," anatero.

"Ndinkadziwa."

"Tsiku lomwe munkandiyeza lija."

"Inde, mana."

"Musanditchule choncho. A Mailesi munawayankha chiyani?"

Felismina anayamba kusonkhanitsa makapu pathireyi, imodziimodzi. "Sindinawayankhe."

"Ndiye kuti simunakane."

Kuseri kuja Lawson anamveka akutchula dzina la Fainesi mokweza, kawiri. Felismina anaima kumvetsera, kapu ili m'manja, ndipo Fainesi anaona pankhope yake chinthu chimene sanachione masiku onse aja. Chinali chomwecho chimene iye mwini anakhala nacho mumtima masabata awiri. Mkaziyu nayenso ankachita nsanje.

Felismina anaika kapuyo pansi, namuyang'ana m'maso.

"Sindinakane," anatero. "Ndipo Lachisanu, malume akafika, sindikana."